Kadontho ka Clyde pa Jupiter, ndi zimene munthu angaone ali pabwalo la nyumba yake

Wa ku Pretoria: Moni nonse abale. Ndabwera ndi nkhani imene ndikufuna tiitafune limodzi. Kuno ku South Africa, m'tauni ya Centurion, pakati pa Pretoria ndi Johannesburg, bambo wina wopuma pa ntchito ya uinjiniya, dzina lake Clyde Foster, ankajambula pulaneti ya Jupiter m'bandakucha wa pa 31 Meyi 2020. Anali pakhomo pake, ndi telesikopu yake ya mainchesi 14 (kumeneku ndi kukula kwa galasi lake lalikulu). Pa chithunzi china anaona kadontho kowala pafupi ndi chimphepo chofiira chija amati Great Red Spot. Anzake a ku Australia anali atajambula mbali yomweyo maola ochepa m'mbuyomo, ndipo kadonthoko panalibe. Patangopita masiku awiri, pa 2 Juni, chombo cha NASA, bungwe la zakuthambo la ku America, chotchedwa Juno chinadutsa pamwamba pa dera lomwelo n'kulijambula pafupi. Unali mkuntho watsopano, mtambo umene unaphulika kuchokera pansi n'kukwera pamwamba pa mitambo inzake. Asayansi anautcha Clyde's Spot, ndipo Juno itabwereranso mu Epulo 2021 inapeza kuti sunazimirire, unali utakula n'kupiringizika. Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti munthuyu sanalembedwe ntchito ndi aliyense kuti aziyang'ana kumwamba. Kodi ife kwathu sitingachite zotere?

Akauntanti wa ku Area 25: Nkhani yokoma achimwene, koma tiyeni tinene zoona. Telesikopu ya mainchesi 14, kamera yake, laputopu, ndi choikapo chimene chimayenda chokha kutsatira pulaneti, zonsezi mtengo wake si wa munthu wolandira malipiro a m'boma. Muonjezepo msonkho wapadoko. Ndiponso ine ndikuona ngati bamboyo anangochita mwayi. NASA ili ndi matelesikopu a mumlengalenga, Hubble ndi James Webb, ili ndi Juno yomweyo. Munthu wa pakhonde angawaonjezere chiyani?

Namwino wa ku Leeds: Bambo a ku Area 25, funso lanu lachiwirilo ndi limene ndikufuna ndiyankhe kaye, chifukwa anthu ambiri amaganiza choncho. Makina akuluakulu aja sayang'ana Jupiter usiku uliwonse. Amalimbiraniwa kwambiri. Wasayansi amalemba pempho miyezi yambiri nthawi isanakwane, akachita mwayi amapatsidwa maola ochepa, ndipo ambiri mwa maolawo amapita ku milalang'amba yakutali. Juno nayo imayandikira Jupiter kwa maola ochepa chabe, kenako imathera masabata ili kutali isanabwerenso. Tsono masiku ena onsewo ndani akuyang'ana? Ndi anthu wamba a ku Japan, Philippines, Australia, South Africa, Ulaya ndi America, amene amalandizana dzuwa likamalowa kwa uyu n'kutuluka kwa uja. Zithunzi zawo amazitumiza ku mabungwe monga British Astronomical Association ndi ALPO (bungwe la ku America la openya mwezi ndi mapulaneti), komanso ku nkhokwe yotchedwa PVOL ya pa yunivesite ya ku Bilbao ku Spain. Ngakhale a Juno eni ake anapempha anthu wamba kuti aziwatumizira zithunzi kuti adziwe zimene zikuchitika pa mitambo chombo chisanafike.

Za mwayizo, inde mwayi ulipo. Koma kuti uzindikire kuti kadontho aka dzulo kanalibe, uyenera kukhala utaidziwa nkhope ya Jupiter bwino lomwe, lamba ndi lamba wa mitambo yake. Zimenezo zimatenga zaka.

Mnyamata wa Fomu 3: Anti, pepani, kodi iwowo anaona bwanji kadontho kamene ena sanakaone? Telesikopu yawo inali yamphamvu kuposa ya a ku Australia?

Namwino wa ku Leeds: Ayi mwana wanga, nkhani inali nthawi. A ku Australia akujambula, mkunthowo unali usanaphulike. China n'chakuti bamboyo anaika fyuluta ya methane kutsogolo kwa kamera. Mumpweya wa Jupiter muli methane, ndipo methane amameza kuwala kwa mtundu wina kumene maso athu sakuona. Ukajambula ndi kuwala kumeneko kokha, Jupiter yense amaoneka wakuda bii, kupatula mitambo imene yakwera pamwamba kwambiri, chifukwa iyo imabweza kuwalako kusanamezedwe. Choncho mkuntho watsopano umawala mbee pa chithunzi chotere, pamene pa chithunzi wamba sumaoneka kwenikweni.

Wa ku Pretoria: Ndipo Clyde si woyamba. Amene anagwedeza dziko ndi Anthony Wesley wa ku Murrumbateman ku Australia, katswiri wa makompyuta. Usiku wa pa 19 Julayi 2009 anaona chibanga chakuda pafupi ndi nsonga ya kumwera ya Jupiter. Poyamba anati ndi mkuntho wamba. Kenako anaganiza kuti mwina ndi mthunzi wa umodzi mwa miyezi ya Jupiter, koma malo ake sanali oyenera mthunzi. Atabwerera ku zithunzi zake za masiku awiri m'mbuyomo anapeza kuti chibangacho panalibe. Apo m'pamene anatumiza uthenga kwa asayansi. Tsiku lotsatira telesikopu ya NASA ya pa phiri la Mauna Kea ku Hawaii inatsimikiza kuti chinthu china chinagunda Jupiter, ndipo Hubble, imene inali itangokonzedwa kumene mu Meyi chaka chomwecho, anaiimitsa pa mayeso ake kuti ijambule chipseracho. Kukula kwake kunali kofanana ndi nyanja ya Pacific. Zinachitika patatha zaka 15 ndendende kuchokera pamene zidutswa za nyenyezi ya mchira ya Shoemaker-Levy 9 zinagwera pa Jupiter mu Julayi 1994. Koma za 1994 zija aliyense ankazidikira, tsiku lake linkadziwika. Za 2009 panalibe amene ankadziwa. Wesley akanagona usiku umenewo, mwina asayansi akanazindikira mochedwa chipsera chitayamba kale kufufutika.

Akauntanti wa ku Area 25: Ndamva. Koma naye Wesley telesikopu yake inali yaikulu, si choncho? Funso langa la ndalama lija likadali pomwepo.

Namwino wa ku Leeds: Yake inali ya mainchesi 14 ndi theka, zoona. Koma imvani izi. Pa 17 Malichi 2016 Gerrit Kernbauer wa ku Austria anajambula kung'anima kwa chimwala chikugunda Jupiter ndi telesikopu ya masentimita 20, amene ndi mainchesi 8. Usikuwo mpweya sunali bwino, moti mavidiyowo anangowasunga, n'kudzawaonera patatha masiku khumi. Pa 7 Ogasiti 2019 Ethan Chappel wa ku Texas anagwira kung'anima kwina, nayenso ndi ya mainchesi 8. Imeneyi ndi saizi imene ndili nayo ine kuno, ndinaigula kwa munthu amene anali ataigwiritsa kale ntchito. Kale kwambiri, mu 1933, Will Hay, wochita zisudzo wa ku England, anatulukira banga loyera pa Saturn ndi ya mainchesi 6. Sindikunena kuti n'zotchipa kwa munthu wa kumudzi kwathu, ayi ndithu. Koma sukulu, mpingo, kapena gulu ngati lathu lino likhoza kusonkha n'kugula imodzi.

Makaniko wa ku Ndirande: Kugula kugula bwanji, kupanga sikutheka? Ine ndikaona pa zithunzi, chinthucho ndi chimpope, magalasi awiri ndi choikapo. William Herschel, woimba uja anatulukira Uranus pa 13 Malichi 1781 ali kuseri kwa nyumba yake ku Bath, kalilole wake anasula yekha. Clyde Tombaugh anali mwana wa mlimi ku Kansas, telesikopu yake anaipanga ndi zitsulo za makina akale a pafamu ndi kilankishafiti ya galimoto ya Buick ya 1910. Anajambula Mars ndi Jupiter ndi pensulo, n'kutumiza ku Lowell Observatory, malo a asayansi oonera zakuthambo, iwo n'kumulemba ntchito, mu 1930 n'kutulukira Pluto. Kuno ku Ndirande timapanga mbaula, mawilibala, zitseko, ngakhale zigayo zing'onozing'ono. Chimpope chingatikanike?

Wa ku Pretoria: Madala, chimpope ndi choikapo simungavutike nazo m'pang'ono pomwe. Pali kapangidwe ka John Dobson wa ku San Francisco: bokosi la pulayiwudi lozungulira pansi, chimpope cha katoni yolimba kapena paipi, basi. Povuta ndi pa kalilole wamkuluyo. Amatenga magalasi awiri okhuthala ozungulira n'kumawakhutiza ndi mchenga wapadera wolimba, kuyambira wokhakhala mpaka wosalala, kufikira limodzi litakumbika pakati. Kukumbikako kuyenera kulondola kwambiri, kulakwitsa kwake kusafike ngakhale pa kachigawo kakang'ono ka kunenepa kwa tsitsi. Ukamaliza liyenera kukutidwa ndi aluminiyamu m'makina ochotsa mpweya. Maganizo anga ndi akuti koyamba tigule magalasi awiriwo ndi koyang'anira kake, zina zonse zipangidwe ku Ndirande. Zolemera ndi zodula potumiza ndi chimpope ndi choikapo, pamene magalasi amakwana m'chikwama cha munthu wobwera pa basi.

Makaniko wa ku Ndirande: Zimenezo zandigwira mtima. Munditumizire miyeso yake. Koma bokosi loterolo silitsatira pulaneti lokha, ndiye kujambulako zikhala bwanji?

Namwino wa ku Leeds: Zimatheka bambo, kungoti pamafunika kuleza mtima. Dziko likamazungulira, Jupiter amadutsa pa kamera n'kutuluka mbali inayo pasanathe mphindi. Mumamusiya adutse mukujambula, mumakankha chimpope pang'ono, adutsenso. Ndipo apa ndifotokoze chinthu chimene chinasintha zonse m'zaka za m'ma 2000, chifukwa n'chimene chinachititsa kuti anthu wamba ayambe kupeza zithunzi zimene kale zinali za malo akuluakulu okha. Mpweya wa dziko lathu sukhazikika. Wotentha ukukwera, wozizira ukutsika, ndipo pulaneti imaoneka ikunjenjemera. Ukajambula chithunzi chimodzi chimatuluka chosaoneka bwino. Tsono sitijambula chimodzi. Timajambula vidiyo, zithunzi makumi ambiri kapena mazana pa sekondi iliyonse, kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Sitipitirira pamenepo chifukwa Jupiter amazungulira msanga, tsiku lake silikwana maola 10, ndiye ukachedwa mitambo imasuntha n'kupakana. Mwa zithunzi zikwizikwi zija, zina zimagwidwa pa kamphindi kamene mpweya unadekha. Pulogalamu ya pakompyuta, monga AutoStakkert kapena RegiStax, imazipeta ngati mmene timapetera mphale, gaga apite, zabwino zitsale. Zotsalazo imazisanjikiza kukhala chithunzi chimodzi chakuthwa. Mapulogalamu amenewa ndi aulere, ndipo anawalemba ndi anthu okonda zakuthambo anzathu omwe.

Ndipo vidiyo yomweyo ndi imene imagwira kung'anima, kumene kumatha sekondi imodzi kapena ziwiri. Pali pulogalamu ina, DeTeCt, imene imafufuza m'mavidiyo ako kung'anima kumene diso lako linaphonya. Chappel uja anakupeza ndi imeneyi. Ngakhale usapeze kanthu, umatumizabe lipoti la maola amene unajambula, chifukwa maola opanda kanthuwo ndi amene amathandiza asayansi kuwerengera kuti Jupiter amagundidwa kangati.

Gogo wa ku Mchinji: Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Zambiri za makinazi zandipitirira, koma ndikufuna ndinene kuti kuyang'ana kumwamba sikunabwere ndi sitima. Makolo ankati mwezi uli ndi akazi awiri. Puikani ali kumadzulo, amaudyetsa bwino mpaka kunenepa. Chekechani ali kum'mawa, amaumana chakudya mpaka kuwonda. Ganizani, mwezi watsopano umaonekera kumadzulo madzulo pafupi ndi nyenyezi yowala ija n'kumakula, ndipo wotsala pang'ono kutha umaonekera kum'mawa m'bandakucha pafupi ndi nthanda. Anthu amenewo ankapenya usiku ndi usiku n'kumasunga zimene aona.

Mphunzitsi wa ku Ntcheu: Zikomo agogo, mwatikumbutsa zofunika. Ndikaphunzitsa ana ndimawauza kuti akazi awiriwo ndi pulaneti imodzi, Venus, imene imakhala miyezi ingapo kumadzulo, n'kusowa, n'kudzatulukira kum'mawa. Pa telesikopu yaing'ono Venus yemweyo amaoneka akukula ndi kuchepa ngati mwezi, zimene Galileo anaziona mu 1610. Koma ine vuto langa ndi ili abale. Pasukulu pathu telesikopu palibe. Chimene ndili nacho ndi bayinokyula yanga ya 10x50. Kodi ana angayambe nayo kanthu kooneka, kapena tidikire mpaka a ku Ndirande amalize?

Wa ku Pretoria: Musadikire aphunzitsi. Imangirireni pa mtengo kapena itsamiritseni pa khoma kuti isagwedere, muloze Jupiter. Muona kambale kakang'ono kowala ndi timadontho m'mbali mwake pa mzere umodzi. Imeneyo ndi miyezi inayi imene Galileo anaiona mu Januwale 1610: Io, Europa, Ganymede ndi Callisto. Mwana aliyense akhale ndi kope, ajambule usiku uliwonse pamene pali timadonthoto, alembe tsiku ndi nthawi. Pakatha masabata awiri kapena atatu aziona okha kuti kakutali kwambiri kaja, Callisto, kamatenga pafupifupi masiku 17 kuzungulira, Ganymede sabata imodzi, pamene Io sakwanitsa masiku awiri. Masiku ena apeza atatu okha chifukwa wina wabisala kuseri kapena ali kutsogolo. Kuti mudziwe kumene Jupiter ali mwezi uno, ikani pa foni pulogalamu yosonyeza thambo yotchedwa Stellarium. Chimodzi chokha muwachenjeze mwamphamvu: asayerekeze kuloza dzuwa ndi bayinokyula kapena telesikopu, diso limapsa nthawi yomweyo ndipo silichira.

Mnyamata wa Fomu 3: Koma zimenezo si kutulukira, pakuti Galileo anaona kale. Ine ndikufuna kudzapeza chinthu chimene wina sanachionepo.

Mphunzitsi wa ku Ntcheu: Khumbo limenelo usalitaye mwanawe. Koma taonanso nkhani ya Wesley ija. Chimene chinamuthandiza si diso lokha, ndi zithunzi za masiku awiri m'mbuyomo zimene anazisunga bwino ndi tsiku lake. Kope limene akunena achimwene a ku Pretoria ndi chiyambi cha khalidwe lomwelo.

Namwino wa ku Leeds: Ndiwonjezere za mboni, chifukwa apa ambiri amakhumudwa. Ukaona kung'anima pa vidiyo yako wekha, asayansi sathamangira kukhulupirira, ndipo akulondola. Kamera imatha kupanga kadontho kowala payokha, setilaiti imatha kunyezimira pamalo omwewo. Pa 3 Juni 2010 Wesley yemwe uja anaona kung'anima kwa masekondi awiri pa Jupiter. Chimene chinatsimikiza n'chakuti Christopher Go, ali ku Cebu ku Philippines, makilomita zikwi zambiri kutali, anajambula kung'anima komweko pa nthawi yomweyo. Atayeza kuwalako anapeza kuti chimwalacho chinali cha mamita pakati pa 8 ndi 13. Za Kernbauer mu 2016 anazitsimikiza ndi John McKeon wa ku Ireland. Choncho ngakhale usakhale woyamba, vidiyo yako ikhoza kukhala imene ikusoweka kuti nkhani ya mnzako iime. Go yemweyo ndi amene anazindikira mu Febuluwale 2006 kuti chimphepo china choyera cha pa Jupiter chasanduka chofiira.

Akauntanti wa ku Area 25: Chabwino, ndayamba kugonja pang'ono. Koma ndifunsebe. Ngati ku Ulaya kuli kale anthu ambirimbiri amene ali ndi zipangizo, ndipo nthawi yawo ndi yofanana ndi yathu, wa ku Malawi akuwonjezera chiyani chimene iwo alibe?

Namwino wa ku Leeds: Thambo, bambo. Ine ndi amene ndingachitire umboni, ndipo zimandipweteka mtima. Leeds ali pafupifupi madigiri 54 kumpoto. M'zaka za 2019 ndi 2020 Jupiter anali chakumwera kwa thambo, moti kuno ankangokwera madigiri 14 kapena 15 kuchokera pansi, pamwamba pa madenga a nyumba basi. Pulaneti ikakhala m'munsi chotero kuwala kwake kumadutsa mumpweya wochindikala, chithunzi chimangovina. Nthawi yomweyo kwa Clyde Foster Jupiter ankadutsa pafupifupi paliwombo. Lilongwe ali pa madigiri 14 kumwera, ndiye kwathuko pulaneti ikafika pachimake usiku sitsika kwenikweni pansi pa madigiri 50, chaka chilichonse. Damian Peach, mmodzi mwa ojambula mapulaneti odziwika kwambiri kuno ku Britain, wakhala akunyamula zipangizo zake kupita nazo ku Barbados kukafuna thambo lotere. Kuno timathanso masabata mitambo ili phi.

Wa ku Chipata: Ndilowepo pang'ono a kwathu. Kuno nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mvula itatha, kunja kuli ngwee. Kumwera kwa Malawi chiperoni chimasokoneza masiku ena. Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimaphimba nyenyezi zing'onozing'ono, koma Jupiter ndi Saturn amaonekabe. Ndipo mapulaneti safuna mdima wa kumudzi, m'tauni momwe amajambulika, chifukwa ndi owala.

Pali ntchito inanso imene malo ako ndiwo chuma. Chimwala cha m'mlengalenga chikadutsa kutsogolo kwa nyenyezi, mthunzi wake umagwa pa dziko ngati kamzere kopapatiza, ndipo amene ali pansi pa kamzereko yekha ndi amene amaona nyenyeziyo ikuthima kwa masekondi ochepa. Ukayeza nthawiyo umadziwa kukula ndi maonekedwe a chimwalacho. Mu Ogasiti 2018 a NASA anapita ndi matelesikopu ku Senegal kukagwira ntchito ndi anthu a komweko, chifukwa mthunzi wa Arrokoth, chimwala cha kutali kuseri kwa pulaneti ya Neptune, unkadutsa kumeneko. Mu 2021 anthu wamba atatu a ku Queensland ku Australia anaona nyenyezi ikuphethira pamene sankayembekezera, ndipo zimenezo zinathandiza kutulukira mkombero wozungulira Quaoar, kadziko kakang'ono kamene kali kutali kuseri kwa Neptune. Tsiku limene kamzere koteroko kadzadutse pa Chipata, Mchinji kapena Tete, wa ku Ulaya sangathandize kanthu ngakhale akhale ndi makina otani.

Makaniko wa ku Ndirande: Ine ndakonzeka. Pulayiwudi ndi paipi ndipeza kuno. Achimwene a ku Pretoria, fufuzani mtengo wa kalilole wa mainchesi 6 ndi wa mainchesi 8, mutiuze yonse iwiri kuti gulu lisankhe.

Akauntanti wa ku Area 25: Mitengoyo ikabwera ndilemba ndondomeko ya zosonkha, kuphatikizapo msonkho, ndiike pano poyera kuti aliyense aone. Ndikupempha kuti ikatha iyambire ku sukulu ya aphunzitsi ku Ntcheu.

Mphunzitsi wa ku Ntcheu: Mwandilemekeza abale, zikomo kwambiri. Makope tiyamba Lolemba ndi bayinokyula. Funso lomaliza kwa anamwino: nthawi tizilemba ya pa wotchi yathu?

Namwino wa ku Leeds: Lembani zonse ziwiri aphunzitsi, koma imene dziko lonse limagwiritsa ntchito ndi UT (Universal Time). Nthawi ya ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa ili patsogolo ndi maola awiri, ndiye muzichotsa awiri. Mukaona 9 koloko usiku, lembani 19:00 UT. Samalani pakati pa usiku: 1 koloko m'bandakucha wa pa 6 ndi 23:00 UT ya pa 5, tsiku limabwerera m'mbuyo. Wotchi muziitchera ndi nthawi ya pa intaneti musanayambe, ndipo pansi pa chojambula chilichonse mwana alembe dzina la malo, chipangizo chimene wagwiritsa ntchito, ndiponso ngati kunali mitambo kapena utsi.